Nsalu ya M'chiuno

Loweruka lililonse masana, a Learnmore Pitala a ku Waverley, dera la m'tauni ya Kadoma ku Zimbabwe, amatsika kombi yochokera ku Chegutu ali onenepa kuposa mmene ananyamukira m'mawa, koma akangolowa m'nyumba n'kutseka chitseko amaonda nthawi yomweyo. Si matenda ayi. Amagwira ntchito ku fakitale ya nsalu ku Chegutuko, ndipo nsalu ina imatuluka pa geti itakulungidwa m'chiuno mwawo, mkati mwa ovolosi, monga inkatulukira m'chiuno mwa malemu bambo awo.

Loweruka limene ndikunenali anaimasula pang'onopang'ono, ya buluu yamaluwa, n'kuiyala pa sofa kudikira kuthokozedwa. Akazi awo, a Eliness, anali pa mpando akusankha nyemba m'lichero. Sanadzuke, sanaombe m'manja.

"Mayi a Rutendo, simukuona?"

"Ndikuona."

"Diresi lanu la Khirisimasi lituluka apa. Ndi siketi ya mwana yomwe."

"Ndi ya ndani?"

"Yanu. Ndabweretsera inuyo."

"Ndikufunsa isanakhale yanga."

Pano ndibwerere m'mbuyo pang'ono. Chaka chatha a Learnmore anagwidwa ndi chiphunzitso cha pa foni. Anamvera anyamata ovala mataye akunena kuti banja lanzeru siligwira ntchito mpaka kufa, limagula masheya n'kumadya phindu lomwe kampani imagawira eni ake, lija amati dividendi. Anayamba kulalikira zimenezi pa chakudya, panjira yochokera ku tchalitchi, ngakhale pa maliro. A Eliness anatopa n'kugonja. Anagulitsa mbuzi zomwe mayi awo anawasiyira ku Sanyati, anawonjezapo ndalama za mukando, chipereganyu chawo cha amayi a pamsika. Masheyawo anagula a fakitale yomweyo imene a Learnmore amagwirako, ati munthu uzigula chimene ukuchidziwa. A Learnmore anawalembetsa m'dzina la akazi awo, poopa kuti abale akamva zoti Learnmore ali ndi masheya adzabwera ndi matumba. Kuyambira pamenepo nyimbo yawo inali imodzi, yoti fakitale ija ndi yathu. Anangoiwala kuti m'nyumbamo muli munthu amene ukamuuza chinthu amachitenga monga wanenera.

"Nsalu ndi ya ku fakitale," anatero a Learnmore. "Mwaiwala kumene ndimagwira basa?"

"Fakitale ndi ya ndani?"

"Ndi yathu. Ndanena kangati?"

"Ndiye mwandibera."

"Ndakuberani chiyani?"

"Nsalu. Mwaichotsa ku fakitale yanga, mwabwera nayo kunyumba kwanga, mukufuna ndikuthokozeni."

A Learnmore anaseka kaseko ka munthu wodziwa zinthu. Anakhala pansi, anavula nsapato imodzi, ndipo ndi mawu a mphunzitsi wa Sande sukulu anafotokoza kuti munthu sangabe chake. Ngati fakitale ndi yathu, nsalu ndi yathu, ndipo chomwe iwo achita ndi kungoichotsa chipinda china kupita nayo china.

"Ndiye bwanji imayenda m'chiuno?"

"Iyende pati?"

"M'manja. Kapena pamutu. Ine ndikachotsa mbale kukhitchini kubwera nayo pabalaza sindiibisa mu siketi."

"Pa geti pali anthu osamvetsa za masheya."

"Muwauze."

"Aa, mayi a Rutendo. Fakitale ndi yathu, inde, koma yathu pang'ono."

"Pang'ono bwanji?"

A Learnmore anayang'ana khoma, kufuna choyerekezera.

"Ngati njerwa imodzi. Mwina theka la njerwa."

"Potenga mbuzi zanga inali fakitale. Lero yasanduka theka la njerwa." A Eliness anataya kamwala pansi. "Chabwino. Nanga munthu wa theka la njerwa amatenga bwanji nsalu yathunthu?"

Ataona kuti njira ya masheya yatsekeka, a Learnmore anathawira kwa makolo. Anati agogo awo anachoka ku Ntcheu wapansi kudzagwira ntchito m'dziko lino, ndipo palibe tsiku lomwe anaweruka chimanjamanja. Bambo awo anatumikira fakitale mpaka msana kupindika, ana onse anakula atavala za m'chiuno, folomani ankadziwa, mzungu ankadziwa, aliyense ankayang'ana kumbali. Kumeneko si kuba, ndi kupukuta thukuta. Anawonjeza kuti malipiro ake ndi omwewa ofika mochedwa ngati mvula ya masiku ano.

"Mbuzi imadya pamene yamangidwa," anamaliza motero, atakweza chala.

"Za mbuzi musazitchule m'nyumba muno."

"Ndi mwambi chabe."

"Zanga sizinali mwambi. Zinali ndi ana."

Chala chija chinatsika.

"Za malipiro ochedwa ndazimva," anapitiriza a Eliness. "Mukadandaule kudzera kwa folomani, tidzaziona."

"Tidzaziona? Inu ndi ndani?"

"Eni ake."

A Learnmore anakumbutsa akazi awo kuti m'nyumba muno mutu ndi iwo, ndipo anatchula vesi lake. A Eliness sanatsutse. Anati kuno ku Waverley apitiriza kuwagwadira powapatsa madzi osamba m'manja, sadza yawo, nsima imene, izikhala yoyamba kuomoledwa, palibe chosintha. Koma ku Chegutu a Learnmore ndi wantchito, ndipo zimenezo sanayambitse ndi iwo. Anakumbutsanso za dividendi yoyamba, imene inalowa pa foni mwezi wathawo a Learnmore atakhala akuilengeza kuyambira pa Pasaka. A Eliness anapita nayo pa kashopu ka pa ngodya, inagula buledi mmodzi ndi bokosi la machesi, n'kuthera pomwepo.

"Ndinakufunsani kuti mari yake, ndalamayo, yachepa bwanji chonchi. Munati chiyani?"

"Ndinati mtengo umayamba ndi kambewu."

"Musanafike pa kambewu."

"Ndinati phindu lachepa. Magetsi akuvuta, thonje ladula, zinthu zimatayika."

"Eetu. Za magetsi sindingathe. Za thonje sindingathe. Ndinati koma zotayikazo ndikhoza kuthandiza kufunafuna."

"Kufunafuna kuti?"

"Lachitatu ndinakwera kombi."

A Learnmore, amene anali atayamba kumasula nsapato yachiwiri, anasiya chingwe chili m'manja.

"Lachitatu munati mukupita kukaoda tomato."

"Ndinaoda pobwerera. Poyamba ndinapita kukaona chuma changa. Mbuzi ndinkapita kukaziona ku Sanyati, fakitale ndiisiye bwanji osaiona?"

Anafotokoza kuti anatsikira ku Pfupajena, komboni ya ku Chegutu, n'kuyenda wapansi pakati pa nyumba, ndipo sanafunike kufunsa munthu. Linali tsiku lotuluka madzi pa mpopi, amayi onse atachapa. Makatani, nsalu za pabedi, matewera, malaya a ana a sukulu, zonse maluwa ake omwewa amene iwo amawadziwa bwino chifukwa amagona pomwepo. Anakumana ndi kwaya ya tchalitchi china ikuchokera kokonzekera nyimbo, yonse itavala mofanana.

"Pfupajena yense wayanika dividendi yanga pa chingwe, bambo a Rutendo."

"Mwina anagula m'shopu."

"Ndinafunsa mayi mmodzi. Anati, 'Kugula? Ndilibe mwamuna ine?'"

"Ndiye munabwerera kunyumba."

"Ndinapita pa geti."

"Geti liti?"

"Tili ndi mageti angati?"

Mlonda wa pa geti, a Mwaiwawo, ndi mnzawo wa a Learnmore wa kalekale, ndipo Loweruka lililonse amadwala maso kwa mphindi zingapo anthu akamaweruka, n'kuchira akalandira kagawo kake. Ameneyu anafunsa a Eliness kuti akufuna ndani. Atamva kuti mwini wabwera kudzaona fakitale, anaseka mpaka kugwira chipata. A Eliness anangomufunsa kuti shati yomwe ikusuzumira m'khosi mwa yunifolomu yake anaigula shopu iti. Geti linatseguka lonse, ngati kukubwera lole.

"Munalowa?"

"Mpaka ku ofesi. Manijala wake ndi mnyamata waulemu. Anandipatsa tiyi."

"Tiyi?"

"Wamkaka. M'kapu yokhala ndi kambale kake."

"Ine ndakalambira pamenepo. Sanandipatsepo ngakhale madzi."

"Inu mumapitako ngati ndani?"

A Learnmore anaimirira, phazi limodzi lili mu nsapato, lina mu sokosi yobooka. Anafunsa chimene anakambirana. A Eliness anati mnyamatayo anadandaula kwambiri. Ati nsalu ikusowa chaka ndi chaka, asecha zikwama, asecha mabokosi a chakudya, anagula ndi makamera omwe, osapeza kanthu. Iwo anamumvera chisoni, mwana wa eni ake akuonda ndi maganizo pa chinthu chodziwa aliyense.

"Ndinati mwanangu, mukuvutikiranji ndi zikwama? Muziyang'ana munthu wolowa m'mawa ngati nzimbe n'kutuluka masana ngati dzungu."

"Munanena zimenezo? Ndi pakamwa panu?"

"Analemba pa pepala. Anati shuwa amayi, mwatitsegula maso."

"Maina. Mayi a Rutendo, ndiyang'aneni. Maina munatchula?"

"Ine ndine mkhristu. Sindinganenere munthu chinthu chimene sindinamuone akuchita ndi maso angawa."

A Learnmore anagwera pa sofa n'kupuma mpweya wonse umene anausunga. Anathokoza Mulungu, anathokoza makolo a ku Ntcheu, anayamikira ngakhale malemu apongozi awo polera mwana wodziwa kusunga pakamwa. Nzeru zinabwerera. Anati nkhani yake ndi yaing'ono: apuma kaye mwezi umodzi kapena iwiri, azituluka m'chiuno muli mbee, mpaka manijala atatopa ndi kugwira amuna anzake m'mimba. Mphepo ikadzadutsa, ntchito idzayambiranso.

"Ndiye ndinangotchula amene ndinamuona ndi maso," anatero a Eliness, akupeta nyemba.

"Ndani?"

"M'nyumba muno amavula ovolosi ndi anthu angati?"

Kunja kunadutsa mnyamata wogulitsa matsache akuitanira malonda, ndipo anamveka mpaka anakhota. A Learnmore anachita mantha, mantha enieni. Munthu wa ku Kadoma safunika kuuzidwa chimene chimachitika bambo akachotsedwa ntchito ya ku fakitale. Anzawo amene anachotsedwa kale ena ali m'maenje a golide kupikisana ndi anyamata amisinkhu ya ana awo, ena amakhala pa siteshoni ya makombi kudikira wowatuma katundu. Nyumba imene akukhalamoyi ndi ya lendi, ndipo Rutendo akulemba mayeso chaka chino. Koma a Learnmore ndi munthu woti akagwa m'dzenje amayamba kaye watsutsa zoti pali dzenje.

"Ndikana," anatero. "Umboni uli kuti? Mawu a mkazi wokwiyira mbuzi? Ndikauza manijala kuti tinayambana kunyumba."

"Umboni ndinasiya komweko."

"Umboni wanji?"

"Simukuona kuti m'nyumba muno mwawala?"

Anatembenuka. Pa zenera panalibe makatani, panali nyuzipepala yomata ndi phala mpaka theka. Masiku atatu onsewo iwo ankalowa ndi kutuluka osaona kanthu, maso ali pa foni kuyang'ana mitengo ya masheya. Pa tebulo panalibe nsalu. Anathamangira kuchipinda motsimphina, nsapato imodzi ikugogoda pansi, ndipo kunamveka kutsegula kwa sutikesi, kenako kwa kabati. Anabwerera atagwira hang'ala yopanda kanthu.

"Shati yanga ya ku tchalitchi."

"Ndinabweza. Inenso madiresi atatu ndinabweza, musaganize kuti ndinakondera. Ndinachapa, ndinasita, ndinapinda bwino. Manijala anafunsa kuti zonsezi ndazitenga kuti. Ndinati amuna anga ndi katswiri, mukafuna kudziwa mmene amamangira kuti isagwe pokwera kombi muwafunse, saumira nzeru."

"Mawa ndikawerenga mawu kutsogolo kwa mpingo. Ndivala chiyani?"

"Ovolosi. Ndi chokhacho chimene kampani inakupatsani ndi manja awiri."

A Learnmore anasintha mawu. Anakoka mpando n'kukhala pafupi, anawatchula akazi awo dzina la paubwana limene anasiya kulitchula Rutendo atabadwa. Anapempha kuti Lolemba apite limodzi, a Eliness akanene kuti anali atadwala mutu, kapena kuti nsaluzo anagula kwa munthu wodutsa. Anakumbutsa za a Mwaiwawo ndi ana awo, za amuna a shifiti yonse amene ayambe kusechedwa m'chiuno chifukwa cha mkazi wa Pitala. Anafunsa kuti iwo adzakwera kombi iti, poti m'kombi iliyonse ya m'mawa mumakhala anthu omwewo.

A Eliness anaika lichero pansi kwa nthawi yoyamba.

"Tsiku lokweza mbuzi zija m'ngolo ndinalira, inu simunaone chifukwa munali pa foni. Mayi anga anazisunga pa chilala, iwo akugona ndi njala. Munandiuza kuti sizinapite, zangosanduka fakitale. Ndinakhulupirira, bambo a Rutendo, chifukwa ndikanapanda kukhulupirira ndikanakudani. Ndiye musandiuze lero kuti ndikaname kuti fisi akhalebe m'khola."

 A Learnmore anachita manyazi, ndipo manyaziwo anakhala nawo nthawi yokwanira kumeza malovu kawiri. Kenako anayambanso kufunafuna pothawira.

"Mwina ndi chenjezo chabe. Munthu wa zaka zambiri pa basa sachotsedwa ngati galu. Anati chiyani kwenikweni?"

"Anati Lolemba m'mawa mukafike ku ofesi musanalowe ku makina."

"Mwaona? Kukambirana. Amuna awiri."

"Anati mutenge ovolosi, magambutsi ndi khadi la pa geti."

"Ndivale?"

"Anati m'pepala la pulasitiki."

Pa fakitale palibe amene sadziwa tanthauzo la pepala la pulasitiki. A Learnmore anayang'ana hang'ala imene inali idakali m'manja mwawo, n'kuiika pansi mosamala.

"Mwandichotsetsa basa."

"Munkafuna kusiya. Munati cholinga cha banja lino n'chakuti mudzadzuke Lolemba opanda bwana."

"Patapita zaka khumi ndi zisanu! Dividendi itakula!"

"Nthawi simunaitsindike kwambiri. Munatsindika za Lolemba."

"Tidya chiyani?"

"Dividendi."

"Buledi mmodzi pa chaka?"

"Ndi machesi."

"Lendi tilipira machesi? Mayeso a mwana tilipira machesi?"

"Munati poyamba zimawawa, ofooka amathawa, olimba mtima ndiwo amadzadya. Ndinazilemba kuseri kwa kalendala."

Apa ndiye a Learnmore anatembenuka mtima, kutembenuka kwake koposa kwa pa msonkhano wa chitsitsimutso. Anayendayenda m'chipindamo akugogoda ndi nsapato imodzi ija. Anati masheya ndi njuga ya anthu ophunzira. Anati anyamata a mataye aja ndi akuba opanda ovolosi, ndipo ngati amadyadi dividendi bwanji amakhalira kupempha anthu kuti awatsatire pa foni. Anati chuma chenicheni ndi chimene umachimangirira pa chikhomo n'kuchimva chikulira, makolo sanali opusa. Analumbira kuti iwo mumtima sankazifuna kuyambira pachiyambi, anangotengeka. Pomaliza anaima kutsogolo kwa akazi awo n'kugamula monga mutu wa banja: masheya onse agulitsidwe Lolemba lomwelo, ndalama zibwere m'nyumba, zilipire lendi miyezi ingapo iwo akufunafuna pogwira, zotsala akagule mbuzi ziwiri ku Sanyati.

"Ali m'dzina lanu, ndiye mukasaina ndinu. Ndikukupemphani, Eliness. Tigulitse."

A Eliness anadzuka, anasasa makoko a nyemba pa chitenje. Anatenga nsalu ya buluu ija pa sofa, anaikutumula, anaipinda pakati, anaipindanso, n'kuilowetsa bwinobwino m'pepala la pulasitiki limene linali kale pafupi ndi chitseko.

"Bambo a Rutendo, inunso nthawi zina muziganiza ngati mwini. Tigulitse panopa, zinthu zitangoyamba kuyenda bwino? Lolemba tikuchotsa wakuba wamkulu."